Bamako, Mzinda Umene Unasungidwa pa Filimu

Mlendo wofika ku Bamako m'nyengo yopanda mvula amayamba walonjeredwa ndi fumbi. Kuyambira mu Disembala mpaka mu Febuluwale, mphepo youma yotchedwa harmattan imawomba kuchokera ku chipululu cha Sahara n'kukuta likulu la dziko la Mali limeneli ndi chifunga chofiirira, chimene chimalowa m'maso, m'mphuno ndi m'zikwama momwe. Dzuwa limangooneka ngati mbale yotuwa. Pakati pa mzindawo pamadutsa mtsinje wa Niger, umene eni dera amautcha Djoliba, wotakasuka ndiponso wodekha, uli pa ulendo wake wa makilomita pafupifupi 4,200 wochokera ku mapiri a ku Guinea kukathira m'nyanja yamchere ku Nigeria. Kumpoto kwa mtsinjewo ndiko kuli mzinda wakale, umene unatsamira mapiri awiri: Koulouba, pamene pali nyumba ya mtsogoleri wa dziko, ndi Point G, pamene pali chipatala chachikulu. M'munsi mwa mapiriwo muli piringupiringu wa njinga zamoto ndi maminibasi obiriwira otchedwa sotrama, ndipo m'mithunzi ya m'mbali mwa misewu amuna amakhala m'timagulu, akuphika tiyi wowawa m'timaketulo ting'onoting'ono.

Anthu ambiri amaudziwa mzindawu chifukwa cha nyimbo, pakuti ndi kumeneku kumene Salif Keita ndi anzake a Rail Band anatchukira, akuimba pa hotela ya pa siteshoni ya sitima m'zaka za m'ma 1970. Koma kwa zaka zoposa 30 tsopano, pakhala alendo a mtundu winanso amene akatsika amafunsa njira ya ku Bamako-Coura ndi ya ku Bagadadji. Awa ndi madera a anthu wamba, a nyumba zazifupi ndi misewu yafumbi, ndipo wongodutsa sangaonemo chachilendo. Komatu m'madera awiriwa ndi mmene munakhala amuna awiri amene anathera moyo wawo akuyang'ana nkhope za anansi awo kudzera m'diso la kamera, malemu Seydou Keïta ndi malemu Malick Sidibé. Zimene anasiya m'mabokosi awo ndi mbiri ya mzinda wonse, yolembedwa pa filimu, nkhope imodziimodzi.

Bwalo la ku Bamako-Coura

Bamako unali mudzi wamalonda wa m'mbali mwa mtsinje pamene asilikali a dziko la France anaulanda mu 1883. Mu 1908 atsamunda anausandutsa likulu, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1920 njanji inali itaulumikiza ndi doko la Dakar ku Senegal. Sitima inabweretsa nsalu, njinga ndi mawailesi, inabweretsanso anthu: alembi a m'maofesi, asilikali, atelala, amalonda ndi achinyamata othawa khasu. Dziko lonselo pa nthawiyo linkatchedwa Soudan Français.

A Seydou Keïta anabadwira mumzinda umenewu cha m'ma 1921, m'banja la kalipentala, ndipo ntchito yoyamba imene anaphunzira inali ya matabwa. Mu 1935 amalume awo, pobwera ku Senegal, anawapatsa kamera ya Kodak Brownie. Zithunzi zoyamba zinali za abale ndi anzawo a kuntchito, ndipo zambiri sizinkatuluka bwino. Anapitiriza ndithu, akufunsa nzeru kwa Pierre Garnier, Mfalansa amene ankagulitsa zipangizo zojambulira, ndiponso kwa Mountaga Dembélé, mphunzitsi amene anali atayamba kale kujambula mumzindawo. Mu 1948 anatsegula situdiyo yawo pa malo a banja lawo ku Bamako-Coura, kufupi ndi ndende yaikulu ya mzindawo.

Dzina loti situdiyo lingachititse munthu kuganiza za nyumba ya magetsi owala ndi makina ambirimbiri. Nthawi zambiri situdiyo ya a Keïta linali bwalo la panyumba, ndipo nyali yake linali dzuwa. Pakhoma ankapachikapo nsalu, ndipo yoyamba inali chofunda cha pabedi pawo chokhala ndi mphonje. Patapita zaka zingapo ankasintha n'kupachika ina, ya maluwa, ya masamba kapena ya mizere yopotanapotana, moti pambuyo pake iwo eni ankadziwa nthawi imene chithunzi chinajambulidwa pongoyang'ana nsalu ya kumbuyo. Kamera yawo inali yaikulu, yoima pa miyendo itatu, ndipo inkalandira filimu imodziimodzi ya masentimita 13 m'lifupi ndi 18 m'litali.

Filimu inali yodula ndipo inkachokera kutali. Pa chifukwa chimenechi a Keïta ankajambula munthu kamodzi kokha. Ntchito yonse inkachitika kamera isanalire: kumukhazika munthu pampando kapena kumugoneka chammbali pabedi, kumupendeketsa mutu, kuyala mkanjo wake kuti mapindo agwe bwino, kuika manja poonekera kuti mphete ndi zibangili zisabisike. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneko kumaonekera m'zithunzizo. Anthu ake amaoneka okhazikika mtima, oyang'ana molimba, ngati akudziwa kuti mphindi imeneyo sibweranso.

Zimene munthu ankapita nazo kwa wojambula

Amene ankabwera pabwalopo sankangofuna kuti nkhope yawo ioneke. Ankafuna kuoneka monga mmene ankadzionera mumtima, ndipo a Keïta anali okonzeka kuwathandiza. Ankasunga masuti achizungu, mataye, zipewa ndi nsapato zobwereketsa kwa amuna amene analibe. Panalinso wailesi, telefoni, wotchi, zolembera za inki, magalasi a m'maso ndi maluwa apulasitiki. Panali njinga yakapalasa, njinga yamoto ya Vespa, ndiponso galimoto yawo ya Peugeot 203, imene mabanja ankaima moitsamira. Mnyamata amene masana ankasenza katundu pamsika ankatha kukhala pafupi ndi wailesi, dzanja lili pamwamba pake, n'kutumiza chithunzicho kumudzi kuti makolo aone kuti mwana wawo akukhala bwino m'tauni.

Munthu angafunse ngati limenelo silinali bodza. Wojambula ndi wojambulidwa onse ankadziwa kuti wailesiyo ndi yobwereka, ndipo mwina akumudziwo ankadziwanso. Chimene chithunzicho chinkanena zoona ndicho chikhumbokhumbo cha munthuyo, ndiponso ufulu wake wosankha mmene aonekere. Izi zinali zachilendo ndithu m'dziko lolamulidwa ndi atsamunda. Kwa zaka zambiri Azungu ankajambula anthu a ku Africa ngati zitsanzo za mitundu, osawafunsa dzina kapena chilolezo, n'kusindikiza zithunzizo pa makadi otumiza kwawo. Pabwalo la ku Bamako-Coura wojambulidwa ndiye ankalipira, ndipo akapanda kukhutira sankabweranso.

Amayi ndi amene amaoneka mwaulemerero kwambiri m'zithunzizi. Amavala mikanjo yotakasuka ya nsalu zolimba, maduku omangidwa mwaluso, ndolo zagolide ndi mikanda, ndipo ena amaonetsa zikhatho zodetsedwa ndi mankhwala okometsera. A Keïta ankakonda kukhazika mayi wovala nsalu ya maluwa patsogolo pa nsalu inanso ya maluwa, mwakuti zovala ndi khoma zimachita ngati zasungunukirana, nkhope yokha n'kutsala poyera. Atelala ndi akatswiri a mbiri ya zovala amaphunzira zambiri m'zithunzi zimenezi, chifukwa zimasonyeza masokedwe, mamangidwe a tsitsi ndi mitundu ya nsalu imene inali m'fasho chaka ndi chaka. Mbiri ya situdiyoyo inafalikira ndi njanji, moti apaulendo ochokera m'mayiko oyandikana nawo ankapatukirako kuti nawonso ajambulitse.

Ntchito ya m'chipinda chamdima

Kwa achinyamata amene anakulira pa mafoni a kamera, ndi bwino kufotokoza pang'ono mmene chithunzi cha filimu chimabadwira. Filimu ndi pulasitiki yopyapyala yopakidwa mankhwala okhala ndi timchere ta siliva. Kuwala kukalowa m'kamera kwa kamphindi, timchereto timasintha, koma diso silingaone kanthu kufikira filimuyo itatsukidwa. Wojambula amalowa nayo mumdima, n'kuiviika m'mankhwala oyamba amene amadetsa malo onse ogundidwa ndi kuwala, kenako m'mankhwala ena amene amachotsa siliva wotsala kuti chithunzicho chisapitirire kuda. Akaitsuka ndi madzi n'kuiyanika, chotsala ndicho negetivu, pamene zoyera zimaoneka zakuda ndipo zakuda zimaoneka zoyera. Negetivu ndiye mayi wa chithunzi. Ikakhalapo, munthu angathe kutulutsa zithunzi zambirimbiri pa pepala ngakhale patapita zaka 50. Ikawonongeka, kholo la zithunzizo lapita.

Popeza negetivu za a Keïta zinali zazikulu, iwo ankangozisanjika pa pepala lojambulira n'kuunikira, ndipo chithunzi chinkatuluka cha msinkhu womwewo, chokwana m'dzanja kapena mu envulopu. Mwini chithunzi akatenga chake, a Keïta ankasunga negetivu ija mosamala, poganiza kuti mwina tsiku lina mwiniyo kapena abale ake adzafuna china. Chizolowezi chimenechi, chimene pa nthawiyo chinali nzeru chabe ya malonda, ndicho chinapulumutsa nkhope zikwizikwi za Bamako wa m'zaka za m'ma 1950.

Dziko la Mali linalandira ufulu wodzilamulira pa 22 Sepitembala 1960, motsogozedwa ndi Modibo Keïta. Mu 1962 boma latsopanolo linalemba a Seydou Keïta ntchito yojambula ku nthambi ya zachitetezo, ndipo posakhalitsa situdiyo ya ku Bamako-Coura inatsekedwa. Anagwira ntchito ya boma mpaka mu 1977, ndipo atapuma ankathera nthawi yawo akukonza mainjini ndi njinga zamoto. Mabokosi a negetivu anangokhala phee m'nyumba.

Diso la Bamako

Kuchoka ku Bamako-Coura kulowera chakum'mawa, kudutsa msika waukulu ndi mzikiti waukulu, munthu amafika ku Bagadadji. Kumeneko ndi kumene nkhani ya zithunzi za mzindawu inapitirira, m'manja mwa munthu wa mbadwo wotsatira.

A Malick Sidibé anabadwa cha m'ma 1936 m'mudzi wa Soloba, kumwera kwa dziko, chakufupi ndi malire a Guinea, m'banja la Afulani oweta ziweto. Ali mwana ankaweta nkhosa ndi ng'ombe, ndipo diso lawo lamanzere linawonongeka pa ngozi. Kusukulu anadziwika ndi luso lojambula ndi pensulo, ndipo luso limenelo linawapezera malo pa sukulu ya ntchito zamanja ya École des Artisans Soudanais ku Bamako mu 1952, kumene anaphunzira kusula ndolo ndi zibangili. Mu 1955 Mfalansa wina wojambula zithunzi, Gérard Guillat, anawaitana kuti akakongoletse sitolo yake, ndipo ntchitoyo itatha anawasunga kuti aziphunzira za kamera. Chaka chotsatira anagula kamera yawo yoyamba. Pofika mu 1962 chikwangwani cha Studio Malick chinali chitapachikidwa ku Bagadadji.

A Keïta ankadikira anthu pabwalo, koma a Sidibé ankawatsatira kumene ali. Bamako wa m'zaka za m'ma 1960 unali mzinda wa achinyamata amene anali atangolawa ufulu. Ankapanga timagulu m'madera mwawo, n'kumadzitcha mayina otengera kunja monga Las Vegas ndi Les Beatles, ndipo Loweruka lililonse kunkakhala madansi m'mabwalo a nyumba, kukulira nyimbo za ku Cuba, za James Brown ndi za gule wa twist. Kwa nthawi yoyamba mnyamata ndi mtsikana ankavina atagwirana, chinthu chimene makolo ambiri sankachiona bwino. Nalo boma, limene linkatsata mfundo za sosholizimu, linkakayikira zovala zazifupi ndi nyimbo zakunja, ndipo chakumapeto kwa ulamuliro wa Modibo Keïta, umene unagwetsedwa ndi asilikali mu 1968, magulu achitetezo a chipani ankavutitsa achinyamata oterowo.

A Sidibé ankanyamula kamera yaing'ono ndi nyali yothwanima, n'kukwera njinga, ndipo usiku umodzi ankatha kufika pa madansi angapo. Mbandakucha ankabwerera ku situdiyo kukatsuka mafilimu. Zithunzi zing'onozing'ono ankazimata pa zikuto za mapepala olimba, chilichonse ndi nambala yake, pamwamba atalemba dzina la gulu ndi tsiku. Kumayambiriro kwa sabata achinyamata ankakhamukira ku Bagadadji kudzadziona, kuseka anzawo ndi kusankha nambala zoti awatsukire. Mnyamata wofuna mtsikana ankagula chithunzi chimene anavina naye n'kukamupatsa.

Chithunzi chodziwika kwambiri cha nthawi imeneyo ndi cha mu 1963, chotchedwa Nuit de Noël. Mnyamata wovala suti yoyera ndi mtsikana wovala diresi koma wopanda nsapato akuvina pabwalo, mitu yawo itatsala pang'ono kugundana, maso ali pansi kuyang'ana mapazi, onse akumwetulira. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi chibwenzi, koma a Sidibé ankafotokoza kuti ndi mlongo ndi mlongo wake, wina akuphunzitsa mnzake kuvina. Lamlungu, kukatentha, achinyamata omwewo ankapita ku mtsinje cha ku Sotuba kukasambira ndi kucheza pa miyala, ndipo wojambula wawo ankapita nawo. Chifukwa cha ntchito imeneyi anthu anawatcha Diso la Bamako, dzina lochititsa chidwi kwa munthu amene ankaona ndi diso limodzi.

Nthawi zitasintha

M'zaka za m'ma 1970 madansi a m'mabwalo anayamba kuchepa, ndipo a Sidibé anatembenukira ku zithunzi za mu situdiyo. Chipindacho chinali chaching'ono, pansi pake pali mabwalobwalo akuda ndi oyera, kumbuyo kuli nsalu ya mizere. Anthu ankabwera ndi zimene ankanyadira: wina njinga yamoto yatsopano, wina nkhosa, wina magolovesi a nkhonya, wina thalauza lotambalala kumiyendo ndi magalasi akuda. Pa masiku a chikondwerero cha Chisilamu, pamene aliyense amakhala atasoketsa zatsopano, mzere unkafika kunja mpaka usiku. A Sidibé ankadziwika ndi nthabwala. Ankacheza ndi munthu mpaka manyazi atathawa, kenako n'kumukonza phewa kapena chibwano, ndipo pamenepo m'pamene ankajambula.

Kenako kunabwera zithunzi zamitundumitundu. M'zaka za m'ma 1980 makina otsuka zithunzi zoterozo mofulumira ndiponso motsika mtengo anafika m'mizinda ya ku West Africa, ndipo ojambula oyendayenda amene sankafunika chipinda chamdima anachuluka. Masitudiyo ambiri akale anatsekedwa. A Sidibé sanatseke yawo. Ankajambula zithunzi za pa zitupa, ndipo ankakonza makamera owonongeka, ntchito imene anaidziwa bwino kwambiri moti mashelefu a situdiyo anadzaza ndi makamera akale mazanamazana, ena oti eni ake sanabwerenso kudzatenga. Pamwamba pa makamerawo panali mabokosi a mapepala ojambulira, osanjikizana mpaka kudenga, lililonse litalembedwa mwezi ndi chaka, ndipo m'kati mwake munali negetivu.

"Wojambula wosadziwika"

Mu 1991 mumzinda wa New York munachitika chionetsero cha luso la ku Africa chotchedwa Africa Explores. Pakati pa zoonetsedwazo panali zithunzi zochepa zakale za ku Bamako, ndipo pansi pake panalembedwa kuti wojambula wake ndi wosadziwika. Jean Pigozzi, munthu wachuma wosonkhanitsa zaluso za ku Africa, anachita nazo chidwi, ndipo anatuma André Magnin kuti akafufuze mwini wake. Magnin atafika ku Bamako anamulozera kwa wokonza makamera wa ku Bagadadji. A Sidibé atangoona zithunzizo anazindikira dzanja la mkulu wawo pa ntchito, ndipo analozera mlendoyo ku Bamako-Coura. Munthu amene ku New York ankati ndi wosadziwika, kwawo ankadziwika ndi mzinda wonse. Wojambula wina wa ku France, Françoise Huguier, nayenso anali atakumana ndi a Keïta m'nyengo yomweyo ndipo anathandiza kuonetsa ntchito yawo kunja.

Magnin anasankha negetivu 921 n'kupita nazo ku Ulaya. Kumeneko zinatsukidwa pa mapepala aakulu, ena otalika kuposa mita, ndipo mu 1994 zinaonetsedwa ku Fondation Cartier mumzinda wa Paris. Mu 1997 zinafika m'nyumba yogulitsira zaluso ya Gagosian ku New York, kumene chithunzi chimodzi chinkagulidwa ndi madola zikwi zambiri. A Keïta, amene moyo wawo wonse ankaona zithunzi zawo zili zokwana m'dzanja, ananena kuti anadabwa kuona anthu awo ataima pakhoma ngati amoyo.

Pajatu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo kakuthwa kamathanso kucheka. Kutchukako kunabwera ndi mafunso ovuta. Chithunzi chaching'ono chimene mayi wa ku Bamako analipira kuti atumize kwa mwamuna wake, ndi chithunzi chachikulu chopachikidwa m'nyumba ya munthu wolemera ku Ulaya, kodi ndi chinthu chimodzi? Mayiyo, amene dzina lake silinalembedwe paliponse, anafunsidwa? Nanga negetivu ndi za yani? A Keïta anamwalira ku Paris mu Novembala 2001, ndipo pambuyo pake panabuka mikangano imene inafika m'makhoti, yokhudza umwini wa negetivu zija ndiponso amene ali ndi ufulu wotsuka ndi kugulitsa zithunzi zawo. Mu 2016 nyumba ya Grand Palais ku Paris inachita chionetsero chachikulu cha ntchito yawo. Anthu ambiri a m'zithunzizo akadali opanda mayina mpaka lero.

A Sidibé anakhala ndi moyo wautali wokwanira kulandira ulemu ali maso. Mu 2003 analandira mphoto ya Hasselblad ya ku Sweden, woyamba wa ku Africa kuilandira, ndipo patapita zaka zitatu inapita kwa David Goldblatt wa ku South Africa. Mu 2007 chionetsero chachikulu cha zaluso cha ku Venice chinawapatsa mphoto ya Golden Lion chifukwa cha ntchito ya moyo wawo wonse, ndipo anali wojambula zithunzi woyamba kulandira ulemu umenewo. Ngakhale zinali choncho, sanasamuke ku Bagadadji. Alendo ochokera ku Tokyo kapena ku London ankawapeza atakhala pakhomo pa situdiyo yomweyo, atavala mkanjo, akucheza ndi anansi, ndipo ankawajambula pa filimu yakuda ndi yoyera, patsogolo pa nsalu ya mizere, monga ankachitira ndi wina aliyense. Anamwalira ku Bamako pa 14 Epulo 2016.

Msonkhano wa ojambula a mu Africa

Kutchuka kwa akuluakulu awiriwa kunapatsa Bamako udindo watsopano. Mu 1994 mumzindawu munayamba chionetsero cha zithunzi chotchedwa Rencontres de Bamako, chokonzedwa kuti chizichitika zaka ziwiri zilizonse, chimene chimasonkhanitsa ojambula a mu Africa monse ndi a kunja kwake. Zithunzi zimapachikidwa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Musée National du Mali ndi m'malo ena a mumzinda. Mphoto yaikulu ya chionetserochi inatchedwa dzina la Seydou Keïta, ndipo yafikapo kumwera kwa Africa: Calvin Dondo wa ku Zimbabwe anailandira mu 2007, ndipo Pieter Hugo wa ku South Africa anailandira mu 2011. Kwa ojambula ambiri a ku Harare, Maputo, Lusaka ndi Johannesburg, Bamako ndi kumene anakumana koyamba ndi anzawo a ku Dakar, Lagos ndi Cairo popanda kudzera ku Ulaya.

Mavuto a dziko sanachisiye chionetserochi. Mu 2012 asilikali analanda boma, zigawenga zinalanda mizinda ya kumpoto, ndipo chionetsero cha 2013 chinalephereka. Chinabweranso mu 2015. Asilikali analandanso boma mu 2020 ndi mu 2021, ndipo kusowa kwa chitetezo kwachepetsa alendo amene kale ankadzaza mahotela a m'mbali mwa mtsinje.

Adani a negetivu

Mdani wina wa chuma chimenechi sabwera ndi mfuti. Negetivu imafuna malo ozizira ndi ouma, koma ku Bamako kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Epulo, mvula ya pakati pa Juni ndi Sepitembala imabweretsa chinyezi, ndipo harmattan imabweretsa fumbi limene limakanda filimu. Filimu yakale ikayamba kuwola imanunkha ngati viniga, imakwinyika, ndipo chithunzi chimasweka ngati dothi la m'dambo louma. Chiswe, nkhungu ndi denga lodontha zimamaliza zotsala. Kuwonjezera apo, mabanja a ojambula akale akapanikizika ndi umphawi amagulitsa negetivu kwa ogula akunja pa mtengo wozizira, ndipo zikatero sizibwereranso.

Pofuna kuthana ndi vutoli, yunivesite ya Michigan State ya ku America, mogwirizana ndi bungwe la Maison Africaine de la Photographie la ku Bamako komanso mabanja a ojambula, inayambitsa ntchito yotchedwa Archive of Malian Photography. Negetivu pafupifupi 100,000 za ojambula asanu, a Malick Sidibé, Mamadou Cissé, Adama Kouyaté, Abdourahmane Sakaly ndi Tijani Sitou, zinapukutidwa, kujambulidwa pa kompyuta ndi kuikidwa m'zosungira zoyenera. Ntchitoyo inachitikira ku Mali komweko, ndipo negetivuzo zinatsala m'manja mwa mabanja. Mayina enawo pa mndandandawu akukumbutsa kuti a Keïta ndi a Sidibé sanali okha. Ku Ségou, ku Mopti ndi m'matauni ena munali masitudiyo a anthu aluso amene sanapezedwe ndi mlendo aliyense wa ku Paris.

Pa nkhani za chitukuko, zithunzi zakale sizikhala pamwamba pa mndandanda, ndipo m'pomveka, pakuti mjigo, chipatala ndi msewu ndi zimene anthu amayamba kupempha. Komabe mzinda umene mu 1960 unali ndi anthu osafika 200,000, ndipo kalembera wa 2009 anaupeza ndi anthu 1.8 miliyoni, umasintha mofulumira kwambiri moti mwana sangazindikire dera limene agogo ake anakulira. Mabuku a atsamunda analemba za misonkho ndi mbewu, ndipo mabuku a boma analemba za atsogoleri. Za telala, za namwino, za mtsikana wovina wopanda nsapato, umboni wake uli pa filimu basi.

Nkhani imeneyi si ya ku Mali kokha. M'nyumba zambiri za kumwera ndi pakati pa Africa muli chithunzi chakuda ndi choyera chopachikidwa pakhoma kapena chobisidwa m'sutikesi: bambo atavala jekete asanakwere ulendo wa ku migodi, mayi atanyamula khanda patsogolo pa nsalu yojambulidwa maluwa. Kuseri kwa chithunzicho nthawi zina kumakhala chidindo chofufutika cha situdiyo ya pa boma kapena ya m'tauni, imene inatsekedwa kalekale. Mwini situdiyoyo nayenso anali ndi mabokosi ake, ndipo mwina ana ake akadali nawo kuchipinda, osadziwa kuti akusunga chiyani.

Ku Bamako, dzuwa likamalowa kuseri kwa mapiri, asodzi amapalasa mabwato awo pansi pa mlatho wa Pont des Martyrs, ndipo achinyamata amaima m'mbali mwa mtsinje akudzijambula ndi mafoni. Amapendeketsa mutu, amakonza kolala, amaika dzanja poonekera kuti wotchi isabisike, monga ankachitira agogo awo pabwalo la ku Bamako-Coura. Zithunzi zawo n'zambiri kuposa zonse zimene a Keïta ndi a Sidibé anajambula pamodzi, ndipo zambiri zidzatha tsiku limene foniyo idzagwere m'madzi kapena kubedwa. Za agogo awo zafika zaka 70 chifukwa munthu wina, atatha kujambula, anaika negetivu m'bokosi n'kulisunga pamalo abwino.